Moto Unatha Asanayankhe

"Iwe ndiwe wakuba! Batire la m'laputopu mwanga waliika kuti?"

Ndinadzutsa mutu, sikuludiraiva ili m'manja. Olankhulawo anali mayi ake a chibwenzi changa, ataima kutsogolo kwa tebulo langa, chikwama chakuda atachikumbatira pamtima. Tebulo langalo lili pakhonde la shopu ya nsalu, pakati pa mkulu wogulitsa magalasi ndi mayi wosoka. Ndi pamene ndimakonzera malaputopu ndi mafoni. Linali Lachisanu, cha m'ma naini, anthu ali pikitipikiti, ndipo onse anaima kuti aone.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Kudzuka kwanga kusiye. Unachotsa batire labwino n'kuikamo lakutha. Taona."

Anatulutsa laputopu, anabaya okha tchaja pa soketi yanga, n'kuloza pakona ya sikirini.

"Sabata yathunthu ikuthera pa 80. Ndiisiye pamoto ola limodzi, 80. Ndiisiye tsiku lonse, 80 yomweyo. Mwana wa anzanga, amene zimenezi anaphunzira kuyunivesite, waiona. Wati batire linasinthidwa."

Mtsikana ameneyo, mwana wa anzawoyo, ndimamudziwa bwino. Ine ndimamutcha Wadigiri. Kutchalitchi amawanyamulira chikwama, ndipo chibwenzi changa chikangotsegula pakamwa amayamba kuseka nthabwala isanafike.

Ndikanatha kuwakokera pambali. Mpando unalipo. Koma liwu loti wakuba linandilowa ngati singano. Ine sukulu ndinalekezera panjira. Ntchitoyi ndinaiphunzira ndekha, kuonera mavidiyo pafoni mpaka maso kuwawa, kumasula makina akufa amene eni ake anataya. Pakhonde paja ndilibe satifiketi yopachika pakhoma. Ndili ndi dzina basi.

"Senderani pafupi nonse," ndinatero mokweza, "popeza mwaitanidwa ku mlandu."

Ndinatembenuza laputopu kuti iyang'ane anthu, n'kutsegula masetingi a moto.

"Batire ndi lomwe lija. Ine ndinangoiuza laputopuyi kuti izilekezera pa 80. Makina okhalira pa tchaja tsiku lonse ngati amenewa, batire likamadzaza mpaka pakamwa tsiku ndi tsiku limakalamba msanga, lina mpaka kutupa. Zalembedwa apa. Werengani, mayi. Paja munali aphunzitsi aakulu? Werengani mokweza, ife osaphunzira timve nawo."

Anawerama. Anatsinzinira diso, kenako lina. Tizilembo tinali ting'onoting'ono, ndipo magalasi awo anali atawasiya kunyumba. Milomo inagwedera koma mawu sanatuluke.

"Mayi, a maso anu ndili nawo," anatero mkulu wa magalasi uja. "Yesani awa, kuyesa n'kwaulere."

Khonde lonse linafa nacho chiseko. Apa m'pamene ndikanalekera. Sindinaleke.

"Ndipo Wadigiri wanuyo mukamuuze akabweze digiriyo kumene anaitola."

Anatseka laputopu, anasolola chingwe, anaiponya m'chikwama n'kunyamuka osacheuka. Tchaja inatsala ikulendewera pa soketi yanga.

Mayi wosoka yekha ndiye sanaseke. Anadula ulusi ndi mano, n'kunena osandiyang'ana:

"Mlandu wawina, mwana wanga. Apongozi waluza."

* * *

Chibwenzi changa ndimamutcha Wofatsa. Amayeza magazi kuchipatala, ndipo mawu amawayezanso chimodzimodzi, dontho limodzilimodzi. Tinadziwana chaka chatha atabweretsa laputopu yomweyi itatupa ngati buledi. Ankaigwiritsa ntchito pabedi, pabulangeti, ili pa tchaja, mpweya osalowa. Ndinamukalipira mphindi khumi zathunthu. Anangomwetulira n'kundifunsa ngati ndimakalipira makasitomala onse kapena ndi mwayi wake wokha. Kuyambira tsiku limenelo amanditcha Kamoto.

Atagula ina, yakaleyo anapatsa mayi ake kuti azilankhulana pa vidiyo ndi mwana wawo wamkazi amene ali kunja. Sabata yatha anandipempha ndiwakonzere bwinobwino. Ndinaigwira ngati dzira.

Lachisanu lija, uthenga wake unafika pasanathe ola mayi ake atachoka pakhonde paja.

"Kamoto, mayi wawatani?"

"Uwafunse iwo anditani ine."

"Andiimbira akulira. Chimwalirire bambo sindinawamvepo akulira."

"Anditchula wakuba pagulu. Ine ndilibe misozi?"

Anayamba kulemba, kusiya, kuyambanso. Kenako:

"Za 80 zimenezi unawauza?"

Sindinawauze. Tsiku lokapereka laputopu anandilandirira pakhomo, osandiuza ndi kulowa komwe, ndipo ine chifukwa cha mkwiyo ndinangoipereka n'kutembenuka. Mumtima ndinati adzazindikira okha patapita zaka zitatu, batire likadali lamoyo, adzafunsa kuti anachita zimenezi ndani.

"Ndinaiwala," ndinalemba. Bodza loyamba la tsikulo.

* * *

Masana ndinatseka msanga n'kupita kunyumba. Ndimakhala ndi mkulu wanga, ndipo ndinamupeza akusita zovala za ana. Nkhani inali itandipitirira kale panjira.

"Wabwera, aphunzitsi a aphunzitsi?"

"Usayambe."

"Ndayamba kale. Chikukulendewera m'chikwamacho n'chiyani?"

"Tchaja yawo. Aiiwala."

"Sanaiiwale. Munthu akamathawa manyazi satola katundu." Anaimika simbi. "Tamvera. Iwo analakwa, inde. Koma iwo analakwa posadziwa, iwe walakwa ukudziwa. Mwamuna amene uja ukumufuna?"

"Ukudziwa kale."

"Ndiye imba foni upepese dzuwa lisanalowe. Manyazi anapha lambe."

"Nambala yanga sayankha."

"Nanga si iwe unawaikira ya vidiyo ija? Imba pamenepo. Aziyesa ndi mwana wawo wa kunja."

Ndinasamba kumaso, ndinavala bulauzi yotseka pakhosi ngati ndikupita kukafunsira ntchito, n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Tchaja ndinaiika pamiyendo kuti ndiwaonetse. Inali itangokwana thu koloko.

Anayankha itaitana kanayi. Nkhope yawo inadzaza foni yanga, magalasi ali pamphuno, akumwetulira. Atangoona kuti ndi ine, kumwetulirako kunazima.

"Mayi, ndaimba kuti ndi..."

Phwa! Anatseka laputopu.

Sikirini yanga inada. Ndinakweza chala kuti ndidule. Ndiye ndinaona kuti pamwamba masekondi akuwerengabe, 19, 20, 21. Kenako ndinamva mpando ukukhwekhwerezedwa.

Ndinakumbukira. Tsiku lokonza lija ndinkaika mapulogalamu atsopano, ndipo kuti asadukire panjira ndinasintha setingi ina: ukatseka laputopu, isagone, ingopitiriza ntchito. Ndinati ndikamaliza ndibwezera. Sindinabwezere. Ya 80 ija ndinaichita mwachikondi. Iyi inali mphwayi basi, mphwayi ya mmisiri amene m'mawa womwewo amaphunzitsa khonde lonse. Ndiye kuti chichokereni kwa ine laputopuyo inali ikuyaka m'chikwama, kutentha, kudya moto. Ndipo tsopano mayi aja ankayesa kuti anditsekera kunja, pamene ine ndinali nawo pabalaza pawo.

Munthu wolongosoka akanadula pompo. Ine chala chinaima m'malere.

"Anali ndani, mayi?" Mawu a Wadigiri, otsekemera ngati tiyi wa alendo.

"Yemwe uja."

"Ee, kulimba mtima! Akufuna amalize zimene anayamba?"

Kenako mayi aja anayankhula ndi mawu amene sindinawamvepo, otsika, otopa.

"Zaka makumi atatu ndaphunzitsa ana. Mwana wolephera kuwerenga sindinamuimikepo kutsogolo kuti anzake amuseke. Lero ndadziwa mmene zimawawira." Anapumira m'mwamba, ndipo ndinamva kuti akulira. "Koma chikundidya si chimenecho. Ndatchula mwana wa eni wakuba, pa ntchito pake, asanabe kanthu. Ndikagwada bwanji popemphera?"

Ndinagwira pakamwa. Ndikanakonda akananditukwana.

"Iwe," anapitiriza, "zoti laputopu imatha kuuzidwa kuti ilekere pa 80 sunkazidziwa?"

"Zimachitika, mayi. Kungoti anthu a m'makonde aja sadalirika. Ine ndimangokutetezani."

"Ndakufunsa ngati unkadziwa."

"Tiyi wanu akuzizira, mayi."

Apa ndinatsala pang'ono kukuwa. Ndinaluma chingwe cha tchaja.

Ndinamvetsera makapu akugundana. Ndinamvetsera mayi akufunafuna mankhwala a mutu. Nthawi iliyonse ndinkati ndidula zikangotha izi. Mphindi makumi awiri. Makumi atatu. Kenako chitseko chinatseguka, ndipo ndinamva kutsokomola kumene ndingakuzindikire ngakhale pakati pa msika. Wofatsa anali atapempha kuweruka msanga.

Anapepesa m'malo mwanga. Anati ndili ndi mtima wabwino koma pakamwa pamathamanga kuposa mutu. Wadigiri anaseka, nthabwala palibe.

"Khala pansi," mayi aja anauza Wofatsa. "Sindikufuna kumva za mtima wake. Ndikufuna kumva za wako. Mtsikana amene uja ukufuna kumukwatira, kapena ukungodutsa naye nthawi? Ngati ndi wongodutsa naye, ndisavutike kumeza zimene ndameza lero. Ndiuze pano."

Ndinaika foni pakhutu mpaka kuwawa. Ndinkamva fani ya laputopu ikulira ngati ikupempha madzi.

"Mayi," anatero pomaliza, "kunena zoona, ine..."

Foni inati tii, n'kubwerera pa chithunzi changa cha masiku onse.

Moto unali utatha. Ndinayang'ana tchaja ili pamiyendo panga. Ndikanalisiya batire lija lizidzaza mpaka 100, bwenzi nditamva chiganizo chonse.

* * *

Mkulu wanga anandipeza nditakhala pomwepo.

"Wapepesa?"

"Anditsekera."

"Nanga nthawi yonseyi umatani muno?"

Ndinamuuza. Sananditukwane. Anangokhala pansi pang'onopang'ono n'kundiyang'ana ngati waona nsabwe m'mutu mwa mkwatibwi.

"M'mawa amakunamizira kuba batire," anatero. "Masana ano waba zenizeni."

Madzulo Wofatsa analemba.

"Mayi akuti ubweretse tchaja mawa m'mawa. Laputopu yazima ndipo achemwali aimba masana. Tchaja ya mwana wa anzawo uja siikulowa."

"Chabwino. Munakambirana zotani?"

"Palibe. Za pakhomo basi."

Za pakhomo basi! Ndinalemba kuti unayankha chiyani, n'kufufuta. Ndinalembanso, n'kufufutanso. Ndikanafunsa bwanji funso limene sindinayenere kulidziwa?

Ndipo panali china chimene mmisiri yekha angachidziwe. Laputopu ikamatha moto siimangofa. Imayamba yasunga zonse zimene zili pa sikirini, kuti ikadzadzuka idzapitirize pomwepo. Ikadzayaka, chinthu choyamba kuoneka chidzakhala foni imene ndinaimba ija ndi nthawi imene inatenga.

"Mpatse Wofatsa akapereke yekha," anatero mkulu wanga.

"Ikayakabe."

"Ndiye uwapemphe laputopuyo, unene kuti ukufuna ukaione kuntchito."

Ndinaganiza zimenezo. Zikanatheka. Mphindi imodzi yokha ndili ndekha nayo, palibe akanadziwa. Koma ndinakumbukira mawu otopa aja akuti ndikagwada bwanji popemphera.

* * *

Loweruka m'mawa anandiuza kuti ndilowe. Kanali koyamba kuponda pabalaza pawo ndi mapazi. Ndinazindikira mpando wokhwekhwereza uja, ndi makapu aja. Wofatsa anali atakhala pafupi ndi zenera. Wadigiri analiponso, akupukuta tebulo loyera kale.

Ndinagwada.

"Mayi, ndinakulakwirani. Ndinasintha zinthu m'laputopu mwanu osakuuzani, kenako ndinakuchititsani manyazi pagulu. Pepani."

Anandiyang'ana nthawi yaitali kudzera pamwamba pa magalasi.

"Dzuka. Khala pampando. Inenso ndinakutchula dzina losakhala lako. Limenelo ndalibweza." Anatsokomola. "Za 80 zija uzisiye mmene zilili. Mwana wanga wandifotokozera. Akuti unachita bwino."

Wofatsa anandimwetulira. Wadigiri anakanikiza nsanza patebulo ngati akufuna kuchotsa vanishi.

Apa m'pamene ndinayenera kunena. Mawu anali pa lilime: mayi, pali china. Koma mayi aja anali atanditambasulira kapu ya tiyi ndi dzanja lawo, ndipo ine, amene ndimalankhula ngakhale pamene sindinafunsidwe, ndinangolandira ndi manja awiri.

"Tayiyatsa, mwana wanga," anatero. "Mlamu wako aimba posachedwa."

Mlamu wako. Anatero ndithu. Mwina linangowapulumuka, koma ndinalimva.

Ndinabaya tchaja pakhoma, n'kulowetsa mbali inayo. Kanyali kanayaka. Ndinapempha Mulungu kuti kamodzi kokha makina achite zosiyana ndi zimene ndimadziwa. Ndinadina batani.

Inadzuka pomwe inagonera. Pakati pa sikirini panali chithunzi changa, ndili ndi sikuludiraiva kukhutu, ndipo pansi pake panali manambala.

Wadigiri anali atasendera kale kumbuyo kwanga.

"Ha! Mayi, dzulo munalankhula naye nthawi yaitali bwanji?"

"Ndani? Uyu? Sindinalankhule naye. Ndinatseka."

"Ndiye bwerani muwerenge apa. Magalasi muli nawo lero."

Anabwera. Anawerama mofanana ndi mmene anaweramira pakhonde paja. Ulendo uno milomo siinagwedere.

"Mphindi makumi anayi ndi imodzi."

Ndinaika kapu pansi.

"Mayi, ukatseka laputopuyi siigona. Ndinasintha ndine pokonza, ndipo ndinaiwala kubwezera. Kumeneko ndiye kuiwala kwenikweni. Koma kusadula foni sikunali kuiwala. Ndinamvetsera dala."

"Msampha!" anatero Wadigiri, akuomba m'manja. "Anaitchera kuti azimva za m'nyumba muno. Ndinanena ine, anthu a m'makonde..."

"Iwe khala chete," ndinamudula. "Funso la mayi lija, loti unkadziwa kapena ayi, unaliyankha? Kapena tiyi akuzizirabe?"

Atangotuluka mawuwo ndinadziwa kuti ndadzimangirira ndekha. Nkhope ya mayi inasintha. Sinali ya mkwiyo ngati dzulo. Inali ya munthu amene wazindikira kuti pamene ankasamba chitseko chinali chotsegula.

"Unandimva ndikulira," anatero chapansipansi.

"Ee, mayi."

"Unamva zonse."

"Zonse, kupatula chinthu chimodzi."

Anavula magalasi n'kuwapinda bwinobwino.

"Dzulo unandivula pamsewu. Ndinati n'chibwana, ndakhululuka. Koma munthu wolowa m'nyumba mwanga ine osamuona, n'kubwera m'mawa kudzamwa tiyi wanga ali duu, ameneyo sindikudziwa dzina lake. Konza chimene unawonongacho. Ukatero utuluke."

Ndinatsegula masetingi. Ukatseka: igone. Kudina kuwiri basi. Ntchito ya masekondi asanu imene ikanandisungira ulemu wanga wonse.

Ndinanyamula chikwama. Wofatsa anali asanasunthe pa zenera paja. Sananditeteze, sanandidzudzule. Ankangoyang'ana nsapato zake ngati zili ndi zotsatira za magazi.

Ndili pakhomo, Wadigiri ananditsatira kuti adzatseke chitseko. Anandinong'oneza, koma mokweza ndithu kuti onse amve:

"Chimodzi chimene sunamvecho, ine ndinalipo. Ndinamva chonse. Ndikuuze, mnzanga? Kapena ukakhale kaye pansi?"

Ankamwetulira. Ndipo kumwetulira kumeneko ndi kumene kunandibweza. Ndinaika phazi pakhomo chitseko chisanatsekeke.

"Mayi, ndikutuluka. Manyazi ndawasenza ndipo ndi anga, sindigawana ndi munthu. Koma sindichoka ndi theka la chiganizo." Ndinatembenukira ku zenera. "Wofatsa, dzutsa mutu. Mayi ako anakufunsa ngati ukufuna kundikwatira kapena ukungodutsa nane nthawi. Iwe unati, kunena zoona, ine. Pamenepo m'pamene moto unathera. Lero laputopu ili pa tchaja, mayi ako ali pano, uyu ali pano, ine ndili pano. Kunena zoona, iwe chiyani? Ndiyankhe!"